Bawo ya Mabatani Atatu

Amuna anga, a Thumbiko Harawa, amakonza mafoni pa Rumphi boma, m'kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi sitolo ya mbewu. Mukafika pamsika mungofunsa kuti wa mawaya ali pati, ngakhale wogulitsa tomato akulozerani. Dzina limeneli sanawapatse ndi anthu apamsika ayi. Anawapatsa ndi bambo awo owabala, ndipo sikunali kuyamikira.

Ine ndine Luntha, kwathu ndi ku Dedza. Boma linanditumiza kuno kudzaphunzitsa ku pulayimale, ndipo ndinabwera ndikung'ung'udza njira yonse, mumtima ndikuti chaka chikangotha ndipempha transifa. Ndiye foni yanga inagwera mu ndowa. Ndinapita nayo kwa mnyamata wosayankhula uja, anaitsegula, n'kundiuza kuti ndibwere mawa. Mawa lake anati ndibwerenso mawa. Transifa ija inathera pa benchi ya makasitomala. Lero ndine mayi wa Mtende, Chitumbuka ndimachimva chonse, kungoti ndikachiyankhula ana a m'kalasi amaseka mpaka kugwera pa desiki.

A Thumbiko ndi munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Mutha kuwakalipira kuchokera pageti mpaka kukhitchini, iwo n'kungoti yewo, zikomo wa Chitumbuka. Mawu awo ali m'zala. Akakukondani sanena, mumangopeza wailesi yanu imene inafa kalekale ikuimba pawindo.

Bambo awo, a Laws Harawa, ankakhala pamwamba ku Khondowe, chakufupi ndi Manchewe. Anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale kudimba ankapita atavala malaya osita. Ana awo onse anawakankhira kusukulu. Wina ndi loya ku Lilongwe, Isabella ndi namwino pomwepo pa Khondowe, ndipo ndi amene ankakhala nawo amayi atamwalira. A Thumbiko okha ndi amene sanasankhidwe kupita ku yunivesite. Anakaphunzira za magetsi ku Mzuzu, ndipo kuchokera pamenepo a Laws akafuna kuwatchula ankati wa mawaya uja. Awiriwa sanakanganepo. Bola akanakangana. Tikapita kukacheza ankapatsana moni, a Laws n'kufunsa ngati mvula yagwa kumunsi kwathuko kuchigwa cha Henga, a Thumbiko n'kuyankha, basi nkhani yathera pompo. Anthu awiri akuluakulu n'kukhala pakhonde kumayang'ana nkhuku.

Koma mkulu yemweyo akakhala pa bawo ankasanduka munthu wina. Anali ndi mnzawo, a Manasseh Kalua, amene kale ankagawa mankhwala kuchipatala. Masana aliwonse kupatula la Sabata ankakhala pansi pa mtengo wa paini kumaso kwa nyumba, bawo ili pakati, nkhomo zikulira m'maenje, akunyozana ngati anyamata. Ndinamva ndi makutu angawa apongozi anga akuseka mpaka kutsamwa, akuuza a Manasseh kuti abwerere akagawe mapiritsi poti bawo si yawo. Ana a pakhomopo bawo sankaikhudza. Lamulo linali lakuti bawo ndi ya anthu amene anamaliza mayeso, ndipo m'maso mwa a Laws amuna anga mayeso sanamalize. Chimene mkuluyo sankadziwa n'chakuti mwana wawo amasewera bawo nthawi ya nkhomaliro kuseri kwa msika pa Rumphi, ndipo madoda a pamenepo amamuopa.

A Manasseh anamwalira. Pasanapite nthawi manja a apongozi anga anayamba kunjenjemera, matenda amene madokotala anati angathe kungowachepetsa. Tsiku lina abusa anabwera kudzawacheza n'kuyala bawo, koma a Laws atanyamula nkhomo zinawapulumuka n'kumwazikana pabwalo, abusa n'kumazitola atawerama. Mkuluyo anauza Isabella kuti alowetse bawoyo kunsi kwa bedi. Kuchokera tsiku limenelo ankangokhala pakhonde, bulangeti m'miyendo, maso ali kunjira imene a Manasseh ankatulukira. Tinawapeza choncho pa Khirisimasi, ataonda, mawu akuchita kuwakoka. Pobwerera, tikutsika msewu wokhotakhota wa Gorodi pamatola, ine nditagwira chitsulo ndi manja awiri, a Thumbiko anangoyankhula okha osafunsidwa.

"Ndiwapangira bawo yosafuna kugwira nkhomo."

Ndinawafunsa kuti chovutikira n'chiyani pamene bawo za pafoni zili mbwee, angowaikira imodzi. Munthu wa mawu owerengeka uja anayankhula mpaka ku Chitimba. Anati foni ya tachi ndi chala chonjenjemera sizigwirizana, ukafuna kukhudza dzenje ili umakhudza lachitatu. Anati bawo zimene anaziona pafoni zimatsata malamulo a kwina, zimafuna bandulo, ndipo pakati pa masewero zimatulutsa zotsatsa malonda. Tangoganizani, mkulu wa mpingo akuganizira zoti adye nkhomo, pasikirini n'kutulukira mtsikana akutsatsa sopo. Pamenepo ndinavomera kuti akunena zoona.

Dzinja lonse linathera pa chinthu chimenechi. Mnzawo Hezron anawabweretsera kuchokera ku Mzuzu kabolodi kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene anati ndiye ubongo wake. Sikirini anasintha kangapo kufunafuna yooneka ngakhale padzuwa, poti adada awo amakhala pakhonde. Batire anachotsa mu laputopu yakufa, n'kuikonza kuti izitchajidwa ndi kasola komwe kamayatsa mababu kunyumba ya ku Manchewe. Zonsezi ankachitira pa tebulo langa lochongera makope, ndipo mpaka lero pali chipsera cha chitsulo chowotcherera waya pakati penipeni. Ndinalankhula, koma mukudziwa kale yankho lake.

Poyamba anaika zonse m'kabokosi ka pulasitiki. Atakanyamula anapukusa mutu, akuti chinthu chopepuka chimavina m'manja onjenjemera. Anapita kwa kalipentala n'kukasemetsa chikombole cha mlombwa, cholemera bwino, chokula ngati buku la nyimbo, m'mbali mosalala kuti chizikhazikika pamiyendo. Anafunanso kuti a Laws akachigwira azimva mtengo, monga ankamvera pa bawo yeniyeni. Mabatani anaika atatu okha, akuluakulu, ochokera mu wailesi ya kaseti: lakumanzere, lakumanja, ndi lofiira lapakati lofesera nkhomo. Ndiye anakonza kuti munthu akadina kawiri mwangozi, makinawo azimva kamodzi.

Vuto linali loti ayesa bwanji, poti manja awo sanjenjemera. Loweruka lina aphunzitsi anzanga anandipeza pamsika n'kundifunsa ngati kunyumba kuli bwino. Akuti aona amuna anga atakwera njinga yamoto, akuuza woyendetsa kuti adutse mwadala m'mabampu ndi m'maenje a msewu wafumbi, iwo ali kumbuyo osagwira kanthu, akungodina kabokosi. Anapita uko n'kubwerera, kupitanso n'kubwerera. Madzulo ake ndinawafunsa ngati akufuna kundisiya wamasiye chifukwa cha bawo. Anati batani lapakati ndi lofewa kwambiri, afunika kuikamo sipuling'i yolimba.

Pulogalamu analemba okha pa laputopu yawo yakale. Maenje anayamba kuwaonetsa ndi manambala, dzenje lililonse nambala yake. Anachiyang'ana masiku angapo n'kufufuta. Anati adada sawerenga bawo ngati masamu, amangoponya diso pa mulu wa nkhomo n'kudziwa pamene dzanja likagone. Ndiye anajambula timadontho, nkhomo iliyonse kadontho kake. Makinawo ankatha kufesa nkhomo zonse m'kuphethira kwa diso, koma iwo anawachedwetsa mwadala kuti zizigwa imodziimodzi monga dzanja la munthu limachitira. Phokoso anakajambula kuseri kwa msika, nkhomo zenizeni zikugwera m'bawo yeniyeni, atapempha madoda kuti atonthole pang'ono, chinthu chovuta kuposa kulemba pulogalamuyo. Netiweki sanaikemo, nyimbo sanaikemo, masewero ena sanaikemo. Ukayatsa, bawo inkabwera pomwe unaisiyira, ngakhale batire itathera pakati pa masewero. Pamwamba pa sikirini pankatuluka mawu a Chitumbuka owauza kuti tsopano ndi nthawi yawo yosewera: Nyengo yinu, adada.

Ine ndinapereka maganizo awiri ndipo onse anakanidwa. Oyamba anali oti aikemo batani lobwezera, munthu akalakwitsa azibwerera m'mbuyo. Anaseka, akuti a Laws ankauza a Manasseh tsiku ndi tsiku kuti nkhomo ukanyamula wanyamula, ndiye batani lotero angalione ngati bodza. Chabwino, ndinagonja. Achiwiri anali oti aikemo malo a anthu awiri, kuti asamangosewera ndi makina okhaokha. Anandifunsa kuti asewera ndi ndani, poti a Manasseh kulibe.

"Ndi inuyo, bambo a Mtende. Kapena mulibe manja?"

Anangowerama n'kupitiriza kuwotcha waya, khutu lili psuu. Ndinawamvera chisoni tsiku limenelo, pakuti ndinaona poyera kuti munthuyu moyo wake wonse wakhala akulakalaka kukhala kutsidya kwa bawo ya bambo ake, koma akuopa kuti akapempha amva za mayeso. Dzinja lonse anavutika kupanga woti akakhale pamalo amene ankawafuna iwo eni.

Makina aja atawaphunzitsa kuganiza anafika poopsa. Anawaphunzitsa malamulo a ku Khondowe, komanso nzeru zawo zonse: kusathamangira kudya, kusunga dzenje lalikulu lija lotchedwa nyumba, kusiyira mdani nkhomo ziwiri kuti iwe ukolole mulu. Anapita nawo kuseri kwa msika ndipo anakwapula aliyense, ngakhale a Peter ogulitsa nyama amene amadzitcha ngwazi ya boma lonse. A Peter anati muli mankhwala. Amuna anga anabwera kunyumba osakondwa. Anati sizingatheke chinthu chochokera m'manja mwawo chikagonjetse adada pakhonde lawo lomwe, umenewo ndi mwano. Mwana sakhala pampando bambo ataimirira, ndiye makina a mwana angadye bwanji nyumba ya bambo? Anakonza kuti makinawo azisewera molimba poyamba, koma chakumapeto azilakwitsa kamodzi, mochenjera, kuti a Laws aziwina. Ndinawauza kuti ulemu wa mtundu umenewu kwathu timautcha kupusitsa munthu. Anati ine ndine wa ku Dedza, sindingamvetse.

Tsiku lokapereka sanapereke okha. Anakwera ku Khondowe, anapatsa moni, anayankha za mvula ya ku Henga, kenaka anakasiyira Isabella kukhitchini n'kumuonetsa mmene amayatsira. Isabella anatiimbira patapita masiku kuti adada akusewera, akukana ngakhale kulowa m'nyumba tiyi akapsa. A Thumbiko sabata imeneyo ankaimba mluzu posamba. Ndinali ndisanawamvepo.

Chimwemwe chake sichinakhalitse. Tsiku lina kondakitala wa minibasi yochokera ku Chitimba anafika pashopu ndi kaphukusi kokulunga m'chitenje. Munali bawo ija. Isabella anaimba foni, akuchita chibwibwi, akuti adada amuuza kuti anene mawu awo osachotsapo kapena kuwonjezera.

"Umuuze wa mawayayo kuti sindinafe. Wofuna kundimvera chisoni adikire tsiku la maliro."

Mkuluyo anali atazindikira. Anawina kamodzi n'kukondwa, anawinanso, anawinanso, kenaka anayamba kusewera mopusa mwadala, kusiya nyumba poyera, koma makinawo ankapezabe njira yoluzira. Munthu amene wasewera bawo kuchokera ali mnyamata simungamubisire zimenezo. A Thumbiko anabwera nako kaphukusiko kunyumba, anakaika pamwamba pa kabati, n'kukhala pampando osavula nsapato. Ndinawasiya tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri ndinalephera kupirira. Ndinawauza kuti bambo awo matenda awalanda manja, imfa yawalanda mnzawo, chatsala ndi mutu wokha, ndiye iwo apita kukawauza kuti mutunso watha. Ndinawauza kuti a Manasseh sankakondedwa chifukwa choluza, ankakondedwa chifukwa ankabwera ndi mtima wofuna kuwapha pa bawo. Ndinanena zambiri, zina zosafunika. Anangoti yewo, koma madzulo ake ndinaona laputopu yatsegulidwa.

Ulendo wachiwiri ndinakakamira kupita nawo. Tinafika m'mawa wa Loweruka, kukuzizira monga kumachitira pamwamba paja. Ine monga mkamwana ndinagwada patali, kupereka moni, n'kukakhala pamphasa pafupi ndi khomo la khitchini, poti kuno mkazi wa mwana sakhala moyandikana ndi apongozi aamuna. A Thumbiko anakhala pa kampando kotsika. Za mvula zitatha, anamasula chitenje n'kuika bawo ija pamiyendo ya bambo awo. Anangonena kuti aikonza.

A Laws anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka chala chinapita pa batani lofiira, chikunjenjemera, n'kudina. Nkhomo zinayamba kulira m'kasipika, ndipo ndinaona Isabella atasiya kutsuka mbale. Masewerowo anatenga nthawi. Mkuluyo anawerama, bulangeti linagwa osalitola, milomo ikuyenda. Mapeto ake makinawo anadya nyumba yawo, n'kusesa mzere wonse wakutsogolo. A Laws analuza moonekeratu. Amuna anga anali atazolika, akuyang'ana zala zakumapazi ngati mwana woswa mbale.

A Laws anayambanso ena. Analuzanso, koma movutikira. Pamenepo anatulutsa kaphokoso kamene poyamba ndinayesa chifuwa, kenaka ndinazindikira kuti ndi kuseka kuja kwa pansi pa paini. Anafunsa kuti makinawa anawaphunzitsa ndani kusiya nkhomo ziwiri ngati nyambo, poti nzeru imeneyo si ya m'buku. A Thumbiko anati ndi iwo.

"Iwe umadziwa bawo?"

"Pang'ono, adada."

"Unaphunzira kuti?"

"Kumbuyo kwa mpando wanu. Mukandituma kuti ndiziwerenga pakhonde."

Mkuluyo anatembenuka n'kumuyang'ana mwana wawo kumaso, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anatembenuza bawo ija, kuyang'ana kunsi, kuyang'ana m'mbali, ngati akufuna batani lachinayi.

"Ilibe malo a munthu wachiwiri?"

A Thumbiko anayamba kufotokoza, mwaulemu wawo uja, kuti pakadali pano mulibe, koma n'zotheka kuikamo, angofunika kupita nayo ku Rumphi, sabata imodzi kapena ziwiri. A Laws anayang'ana manja awo ali gwedegwede pamiyendo, n'kunena motsitsa kuti chabwino. Awiriwo anayambanso kuyang'ana nkhuku.

Apa ndiye ukali wa kwathu unandikwera. Zaka zonsezi munthu akudikira kuitanidwa, lero waitanidwa, akuti sabata ziwiri. Ndinadzuka pamphasa, ndinakoka Isabella padzanja, tinalowa kuchipinda n'kusolola bawo yamtengo kunsi kwa bedi, fumbi lili tolo. Thumba la nkhomo linali pomwepo. Ndinaipukuta ndi chitenje changa, ndinaiika pa tebulo pakati pa bambo ndi mwana, ndipo ndisanaganize bwino ndinali nditagwada pambali penipeni pa mpando wa apongozi anga. Ndinawauza m'Chitumbuka changa chothyokathyoka kuti iwo azingonena dzenje ndi kolowera, manja ndikhala ine. Isabella anagwira pakamwa. A Laws anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumaondo, ndipo ndinadikira kuti andikumbutse malo anga. Anangoti mkamwana ayale nkhomo, ndipo asathamange ngati akugawa maswiti.

Anasewera. Mkuluyo ankaloza ndi chibwano, ine n'kunyamula n'kufesa, akundidzudzula kuti ndikuponya mwamphamvu, nkhomo imaikidwa, siponyedwa. Itafika nthawi yoti amuna anga adye nkhomo za a Laws anazengereza, dzanja lili m'mwamba. Mkuluyo anawauza kuti akangoyerekeza kuwasiyira, bawo ibwerera kunsi kwa bedi. Anadya. A Laws anati chomene, kusonyeza kuti akhutira, kenaka anabwezera podya zambiri, n'kuwauza kuti abwerere akalumikize mawaya poti bawo si yawo. A Thumbiko anaseka, misozi ikutsika osaipukuta. Ine ndinali pakati pawo, maondo akupweteka pasimenti, koma sindinafune kuti zithe.

Dzuwa litapendeka kunabwera nkhungu ija ya ku Khondowe, yonyowetsa malaya. A Laws anali atatopa, mawu akuchepa, ndipo Isabella analankhula ngati namwino kuti basi alowe. Masewero anali pakati, palibe amene anali ataonekeratu kuti awina, ndipo nthawi yosewera inali ya a Laws. Anakhala akuyang'ana maenje kwa kanthawi.

"Musagwedeze kanthu. Pali chimene ndachiona, koma ndichiganizire bwino. Ubwere Loweruka, Thumbiko."

Anawatchula dzina. Tinanyamula tebulo lonse mosamala n'kukaliika pakona pabalaza, Isabella n'kuvundikira ndi nsalu. Amuna anga asanavundikire anajambula bawoyo pafoni, mwina mwa chizolowezi cha ntchito, poti foni iliyonse amaijambula asanaimasule. Njira yonse yotsika anandigwira dzanja pamaso pa anthu mu matola, zimene sanachitepo ngakhale tili pachibwenzi.

Loweruka tinapitadi, koma tinafikira kuchipatala. Chibayo chinawagwira pakati pa sabata. Anatizindikira, koma mpweya sunkawalola kulankhula, ndipo masiku ochepa otsatira anatisiya. Pamaliro abale anatulutsa mipando ndi matebulo kuti anthu apeze pokhala m'nyumba. Mayi wina wachifundo anaona nkhomo zili m'maenje, anaziwola bwinobwino n'kuzithira m'thumba kuti zisatayike. Palibe amene akanamudzudzula.

Titabwerera ku Rumphi, a Thumbiko anatenga bawo ya mabatani ija n'kuikamo malo a munthu wachiwiri. Sizinawatengere sabata ziwiri, anamaliza madzulo amodzi, ndipo zimenezi zinawapweteka kwambiri. Kenaka anatsegula chithunzi chija n'kuyala timadontho dzenje ndi dzenje monga bawo inalili tsiku la nkhungu. Ndinawafunsa ngati makinawo sangathe kutiuza chimene adada anaona. Anati angathe, m'kuphethira kwa diso, koma awatsekera kuti pa masewero amenewa asaganize. Zimene angatulutse zikhala nzeru za mwana, osati za adada.

Bawoyo ili pashelefu m'shopu, pamwamba pa mafoni odikira eni ake. Ophunzira a ku koleji amaifunsa, ena amapempha kuti awapangire yawo, ndipo awapangira anthu angapo, zonse za malo awiri. Koma iyi saikhudzitsa munthu. A Peter anayesa kunyengerera kuti amalize masewerowo m'malo mwa malemu, anakanizidwa mwaulemu. Amuna anga anayala bawo ina kunyumba n'kuyesa njira zonse zimene a Laws akanatha kusewera, ndipo akuti pali imodzi yokha imene imawamaliza iwo, yoyambira pa dzenje lakumapeto limene munthu sangaliganizire. Amakhulupirira kuti ndi imeneyo imene adada anaona. Ine sindidziwa, koma sinditsutsa.

M'mawa uliwonse akatsegula shopu amayatsa chitsulo chowotcherera waya, ndipo podikira kuti chitenthe amatsitsa bawo ija n'kuiyatsa. Ndinawaonapo ndikudutsa kupita kusukulu. Nkhomo zili pomwe zinali, ndipo pamwamba pamatuluka mawu aja, Nyengo yinu, adada. Amakhala ataigwira ndi manja awiri, chala chili pambali pa batani lofiira, osadina. Kenaka amaizimitsa kuti batire isathe, n'kuitana kasitomala woyamba.